Matabwa a Kunsi kwa Nyumba

A Chaliao a ku Suphanburi anali kalipentala wamatama, koma matama ake omveka: chimene alumikiza iwo sichimasuka. Akazi awo, a Lamduan, ankawaseka kuti ngakhale pakamwa pawo analumikizapo okha, n'chifukwa chake mawu satulukapo.

Chaka chimene a Lamduan anayamba kutsokomola kosalekeza, bamboyu anangopala matabwa asanu ndi limodzi a msinkhu wa mkazi wawo, n'kuwabisa kunsi kwa nyumba, pakati pa nsanamira. Kukonda kwawo kunali kumeneko, abale: bokosi la maliro likadzafunika, lisadzachititse manyazi.

Kenaka kubanja lachifumu kunagwa maliro, ndipo amisiri anaitanidwa ku Bangkok kukamanga nyumba yotentherapo mtembo, ya madenga osanjikizana, yoimira phiri lopatulika la Meru, kumene amati mzimu wachifumu umabwerera. A Chaliao anapatsidwa makwerero a kumpoto. Anathirapo luso lawo lonse, makwerero oti n'kutha zaka zana.

Kapitawo wa ntchitoyo, mayi wochepa thupi dzina lake Boonruen, anayesa kugwedeza makwererowo, koma osasuntha. Anapempha a Chaliao mwaulemu kuti awamasule. Anati nyumba imeneyi ngakhale golide wake ndi wapepala, ndipo moto ukazima imaphwasulidwa yonse, matabwa n'kugawidwa kwa akachisi.

"Amalume, mwamanga zokhalitsa. Mukufuna zidikire ndani?"

Manyazi anawagwira ndithu a Chaliao, koma chimene chinawalasa mtima si makwerero ayi, anali matabwa aja a kunsi kwa nyumba. Anamasula, n'kumanganso ndi zikhomo zoti ngakhale mwana n'kuzula. Mwambo utatha sanadikire n'komwe zophwasula, anakwera basi yobwerera kwawo.

Anapeza a Lamduan ali pamkeka, atawondako, akusenda mango osapsa oti adye ndi mchere wa tsabola. Bamboyo analowa kunsi kwa nyumba, n'kutulutsa matabwa aja, n'kuyamba kuwadula pakati. Patatha masiku atatu panali mpando wotsamira, wolumikiza mwakale muja, wosamasuka.

A Lamduan anausisita nthawi yaitali, kenaka anakhalapo.

"Matabwa awa ndikuwadziwa," anatero. "Ndinagonapo tsiku lina inu muli kumsika. Munapitirira msinkhu wanga ndi chikhatho chathunthu, akalipentala inu."

A Chaliao anangokhala pansi pafupi ndi mpandowo, n'kuyamba kuwasendera mango.