Mzere Womwe Unakana Kufufutika

Ena mukamva izi muziti kutentha kwa ku Chikwawa kunandizunguza mutu, koma ndikunenetsa, zinandichitikira ine ndemwe, masana dzuwa likuswa mtengo.

Nthawi imeneyo abwana anali atanditumiza kukayang'anira makompyuta pa chipatala china chaching'ono cha uko kwa Chapananga, kulowa m'malo mwa bambo wina yemwe anakokoloka ndi madzi akuwoloka mtsinje pa njinga yamoto. Sindinamuonepo nkhope yake. Chomwe anandisiyira ndi kachipinda kopanda zenera, mpando wogwedera, ndi seva, kompyuta yaikulu yosunga mbiri ya odwala. Anzanga apantchito sankalowamo m'menemo, moti masiku ena ndinkaweruka nditangomva moni wa m'mawa basi.

Seva ija ikamayaka imayamba yaonetsa ndandanda, kuti usankhe pulogalamu yoyendetsa makinawo. Panali mizere itatu. Woyamba unali wa pulogalamu ya tsiku ndi tsiku, wachiwiri wa ina yonyamula timakompyuta tongoyerekeza m'mimba mwake, koma wachitatu unangolembedwa m'Chisena kuti Leka kufudza, kutanthauza kuti usawononge. Abwana ku Blantyre anandiuza pafoni kuti malo atha, ndichotse zakale zonse, ndisatayenso nthawi ndi kuzitsegula.

Loweruka lina, anthu atapita kumaliro m'mudzi wapafupi, ndinatsegula fayilo yomwe ndandanda ija imachokera, n'kufufuta mzere wachitatuwo kuti pambuyo pake ndisesenso zonse za kumbuyo kwake. Nditayatsanso, mzere uli pompo. Ndinati mwina sindinasunge bwino, ndinabwereza, uli pompo. Kachitatu ndinafufutanso n'kuyatsa, ndipo ndisanakhudze batani lililonse, makina anasankha okha mzere uja, timasipika tafumbi tomwe ndinkayesa takufa n'kuyamba kukhosomola.

Inde, kukhosomola, chifuwa cha munthu wamkulu, ine ndili ndekhandekha m'chipinda chotseka. Kenako mawu aamuna, otopa, osakaniza Chisena ndi Chimang'anja, anandipatsa moni, n'kunena kuti sakundidziwa koma akudziwa kuti ndili ndekha monga ankakhalira iye. Inu mukanatani? Ine ndinagwetsa mpando, kuthawa osavala nsapato, n'kukagwera pansi pa mtengo wa nimu, mbuzi zikungondiyang'ana.

Amene anandipeza ndi mayi wina wachikulire wosesa pachipatalapo, akuchokera kumaliro kuja. Atamva, sanaseke. Anandigwira dzanja, akunditchula mwana wawo, n'kunena kuti tiyeni tikamvere limodzi. Titayatsanso mawu aja anabwereza, mayiwo n'kukhala pansi, misozi chuchuchu, akuti ndi bambo anakokoloka uja ndithu, chifuwa chakecho. Uthengawo unapitirira kuti m'menemo muli mbiri ya odwala a zaka za m'mbuyo, omwe mabuku awo ananyowa n'kuwola chaka cha madzi osefukira, kuti anailemba yekha mmodzimmodzi kwa miyezi, ndipo kulibenso kwina komwe inasungidwa. Mayi aja anati nthawi yonseyo ankayesa kuti bamboyo ndi wonyada, wosafuna anthu, osadziwa kuti akuchita zimenezi.

Lolemba ndinafufuza modekha, ndipo ndinapeza kafayilo kena komwe malemuyo analemba, kobwezera mzere uja ukachotsedwa, n'kuuyatsa wokha munthu akaumirira, kuti mawu omwe anajambula amveke. Choncho sikuti unali mzukwa, ndikuvomera. Komabe mpaka lero ndikakumbuka thupi limachita tsembwe, chifukwa ndimakhulupirira kuti munthu uja anasowa womuuza mwa amoyo onse omuzungulira, mpaka anakauza makina kuti adikire mlendo.

Ndiye inu amene mwalowa ntchito ya mnzanu, musafufute chinthu musanachitsegule, ngakhale abwana akufulumizeni bwanji. Ndipo ngati pantchito panu pali wina wokhala yekha m'kachipinda ka kumapeto, mugogodereni, mumufunse zomwe akuchita akadali moyo.