Siponji Yosachapidwa ndi Sopo

Thanki ya nsomba inabwera kwathu chaka chatha. Madamu amene amayi anga amawagwirira ntchito ya m'nyumba ku Claremont, dera la anthu olemera kuno kudziko la eni, ankasamukira m'nyumba yaing'ono, ndiye anawapatsa thankiyo pamodzi ndi tinsomba take tinayi tofiirira. Amayi anabwera nayo pa takisi ataifungatira, tinsombato tili m'chigubu cha ayisikilimu.

"Kwathu nsomba timadya ndife," anatero akuiika pa kabati. "Kuno ndiye ife tiziphikira nsomba."

Koma anatikonda tinsombato kuposa mmene ndinatikondera ine. Akaweruka ankayamba atipatsa moni asanavule nsapato, makamaka kamodzi kong'ambika mchira kamene kankatsalira nthawi ya chakudya.

Chimene madamu sanatipatse ndi fyuluta, kachipangizo kosefa madzi, chifukwa yawo inali itafa kale. Patatha masiku anayi madzi anachita mbuu ngati otsukira mpunga. Loweruka tinapita ku sitolo ya ziweto.

Chingelezi cha kuntchito amayi amachimva, koma m'masitolo amandikankhira kutsogolo ine. Sadziwa kuti m'kalasi ndimakhala kumbuyo, ndipo aphunzitsi ena mpaka lero sadziwa mawu anga.

Mayi wogulitsa anafunsa kukula kwa thanki. Ndinangotambasula manja. Anatiyalira mafyuluta atatu patebulo. Yoyamba inali yokoleka kunja kwa galasi, yotsitsa madzi ngati kamathithi. Yachiwiri inali yomiza m'madzi, yamphamvu, ndipo iye anati tinsomba tating'ono ingatizunguze ngati zovala m'makina ochapira. Yachitatu inali siponji chabe, yokhala ndi kapaipi ndi kapampu kopopera mpweya.

"Wati chiyani?" amayi anandigunda ndi chigongono.

Ndinamasulira zonse monong'ona. Maso awo anali pa ya mathithi ija.

"Inayo ndi siponji yotsukira mbale imeneyo, angoiboola."

"Koma ndi yofatsa, amayi. Kong'ambika mchira kaja sikangalimbane ndi madzi othamanga."

"Chabwino. Wasukulu ndi iwe, sankha."

Ndinaloza siponji. Ndinanyada pang'ono.

Akuiika m'pepala, wogulitsa uja anawerama n'kundiyang'ana m'maso. Analankhula pang'onopang'ono. Anati siponjiyi isadzachapidwe ndi sopo kapena madzi a pampopi. Ikada, litsirolo ndi tizilombo tosaoneka timene timadya poizoni wochokera ku zonyansa za nsomba. Pakatha mwezi tizingoifinya pang'ono m'madzi otungidwa m'thanki momwemo. Anamaliza ndi kunena kuti ndiwafotokozere amayi.

"Wati chiyaninso?"

Ndinayang'ana manja a amayi, okhakhala ndi mankhwala otsukira. Ndi manja amene amayeretsa nyumba za anthu sabata yonse. Ndinaona ngati ndikhala ndikuwaphunzitsa kuchapa pamaso pa mlendo, ndipo kumbuyo kwathu kunali mzere wa anthu akudikira.

"Akuti zikomo, tidzabwerenso," ndinatero.

Ndinkati ndikawauza kunyumba. Kunyumba ndinazilemba m'kope langa, n'kudula mzere kunsi kwa mawu akuti osachapa. Kenako ndinatseka kope. Tsiku lililonse limene linadutsa, kunena kunkakulirakulira, chifukwa tsopano ndikanayenera kufotokozanso bodza la m'sitolo lija.

Madzi anayera mbee. Siponji inayamba kuda. Kangapo ndinawaona amayi akuiyang'ana mmene amayang'anira kolala ya yunifolomu yanga.

Loweruka lina ndinapita kokonzekera kwaya kutchalitchi. Pobwera, fungo la mankhwala oyeretsera linandichingamira pakhomo. Galasi la thanki linkawala, timiyala tonse titatsukidwa, madzi onse ali atsopano.

"Taona!" anatero amayi akupukuta manja. "Siponji ija ndaiviika m'madzi otentha, sopo, kutsukuluza katatu. Litsiro lake, iwe! Madzi ake ngati tiyi."

"Yawala," ndinatero.

Lolemba tinsomba tonse tinali pamwamba, tikuyasamula kukamwa. Lachiwiri tiwiri tinafa. Lachitatu m'mawa amayi anavuula kong'ambika mchira kaja ndi dzanja lawo, osati ndi kaneti. Sanakataye m'bini. Anakakulunga m'kapepala n'kukakwirira kuseli, m'mbali mwa mpanda.

"Kaya ndalakwitsa pati," anatero. "Mwina manja angawa ndi amankhwala kale."

Sanatchule n'komwe zoti fyuluta ndinasankha ndine.

Madzulo ake ndikutsuka mbale, nditawafulatira, ndinanena zonse. Ndinayambira pa tizilombo tija, n'kumalizira pa zikomo wabodza uja.

Amayi anabwera n'kuima pambali panga.

"Unadziwa kuyambira tsiku lija?"

"Inde, amayi."

"Ndiye unkati ndikuluma?"

"Ndinkaopa kuti muona ngati ndikukuphunzitsani ntchito."

Anaseka kamodzi, kuseka kopanda chimwemwe. "Mwana iwe. Madamu ali ndi chiwaya chachitsulo chakuda bii, anandiletsa kuchipaka sopo tsiku loyamba lenilenilo. Mpaka lero sindinachipake. Munthu akauzidwa amamva."

Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira.

Mawa lake nditaweruka tinabwerera ku sitolo kuja kukafunsa mmene tingapulumutsire kamodzi kotsalako. Wogulitsa anati tizichotsa madzi pang'ono tsiku lililonse, tizithira atsopano ndi timadontho tochotsa mankhwala a pampopi, tichepetse chakudya, ndipo anatipatsa kachidutswa ka siponji yakuda kale yochokera m'thanki ya m'sitolomo. Ndinamasulira liwu ndi liwu, mokweza, ngakhale anthu ankatiyang'ana.

Kansomba kaja kanachira. Kali kokhakokha, amayi akana kugula tina.

Ndimawamasulirabe, kuchipatala, kwa eni nyumba, kumsonkhano wa makolo kusukulu. Amamvetsera mpaka ndimalize, kenako amandiyang'ana pang'ono n'kufunsa kuti, "Wanena zokhazo?"

Kale sankafunsa.