A Kalekeni Owongola Makalata

A Kalekeni a ku Mualadzi anagwira ntchito zaka khumi pa munda wa fodya ku Rhodesia, nabwerako ndi zinthu ziwiri: chifuwa chosatha ndi Chingerezi. Chifuwacho chinali chawochawo, koma Chingerezicho chinathandiza dera lonse.

Masiku amenewo mnyamata wothawa chibalo, ntchito yokakamiza ya boma, ankalembera kalata azungu a kutsidya kwa malire kupempha ntchito. Akalemba ndi Chingerezi chake chotola m'njira, ankapita nayo kwa a Kalekeni kuti akaiwongole. Matenda a makalatawo anali amodzi. Munthu m'malo monena kuti ntchito ndimaitha, ankalemba kuti ndikuganiza kuti mwina ndikukhulupirira kuti ndingaithe. A Kalekeni ankanyambita pensulo n'kudula zonsezo. "Ukazungulira chonchi mzungu amayesa ndiwe mlesi," ankatero. Nkhuku ya malipiro sankalandira, ndipo zikomo sankamumvera n'komwe. Mawu okhota ankangowanyansa basi, ngati mzera wokhota m'munda.

Ana awo aamuna awiri anali atapita kale kumigodi, osamvekanso. Anatsala Semu yekha, mwamuna wa zaka makumi awiri, amene ankalimira makolo ake. Chaka cha 1956 Semu naye analemba kalata yake, naisiya pamphasa pa bambo ake.

Akazi awo a Kalekeni, a Paulina, kuwerenga sankadziwa, koma mutu unkagwira. "Bambo a Semu, kalatayo isiyeni momwemo. Ikapita yokhota mzungu aitaya, mwana akhala. Mwana satiimba mlandu, azingoti tsoka."

A Kalekeni anavomera. Anailowetsa m'thumba la malaya, nakhala nayo masiku atatu. Koma kalatayo inali yoipa, abale. Semu anali ataganiza katatu m'mzere umodzi. Bambowo ankaitulutsa kumunda, kuiyang'ana, kuibweza, kenako kuitulutsanso. Tsiku lachinayi anakhala pansi pa mtengo wa msuku nati angokonza liwu limodzi lokha. Pofika masana inali kalata yabwino kuposa zonse zimene anawongolapo.

Yankho linabwera patapita milungu isanu: Semu abwere msanga. A Paulina sanalire pagulu. Anangofunsa amuna awo ngati dzanja lawo linali litakhuta tsopano.

A Kalekeni anamuperekeza mwana wawo, akuyenda wapansi mpaka kumalire ku Cassacatiza, atamunyamulira mtolo njira yonse, akutsokomola. Pamalire Semu anaima.

"Atate, inu mukuti ndipite?"

"Ayi. Sindikufuna kuti upite. Mtima ukundipweteka kwabasi."

"Nanga munaikonzeranji?"

"Inali yokhota, mwana wanga."

Semu analandira mtolo wake m'manja mwa bambo ake, nawoloka, ndipo ku Mualadzi sanadzapondekonso.