Msoti Wanga ndi Chifuwa cha Zeka

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi chaka chimene radiyo inkangonena za chimfine cha mbalame. Inkati kumayiko akutali nkhuku zikutha, ndipo anthu ena ozigwira akumwalira. Ife tinkakhala kumtunda kwa Lifidzi, pamunda umene makolo anga anaulambulanso atabwerako kothawa nkhondo, ndipo nkhani zakutalizo tinkazimva tikukonola chimanga.

Ndinali ndi msoti wanga wamawanga, wondipatsa atsibweni nditapambana kalasi yachiwiri. Chinali chinthu choyamba chimene ndinkachitcha changa. Nyengo yachisanu itafika, nkhuku zapakhomo zinayamba kuodzera, mapiko atagwa, zina khosi litapotoka. Abakha okha ankangoyenda ali gwa ngati palibe chikuchitika.

Masiku amenewo ndinali mlezi wa mlongo wanga Zeka, amene anali asanamere mano. Amayi akapita kudimba, ndinkamutafunira kachewere wophika n'kumuika m'kamwa, monga ankachitira alezi onse. Tsono msoti wanga utasiya kutola, ndinachita zomwe ndinkadziwa. Ndinatafuna mtedza, n'kuika mulomo wake pakati pa milomo yanga kuti umeze. Mpaka lero ndimakumbukira kutentha kwa mpweya wake. Ndili pomwepo Zeka anayamba kulira, ine osachukucha n'komwe m'kamwa, ndinamutafunira kachewere wake.

Msoti unafa m'mawa mwake. Patapita masiku atatu Zeka anayamba kutsokomola, thupi lili moto, bere akulikana.

Amayi anati ndi chisanu, n'kumamufukiza masamba a bulugama. Koma ine ndinkadziwa zimene radiyo inanena. Ndinakhala chete masiku awiri athunthu. Ndinkatenga korona wa amayi mobisa, kukagwada kuseri kwa nkhokwe, kupempha Mulungu kuti ngati pakufunika munthu, atenge ine.

Tsiku lachitatu amayi ankasankha nyemba pakhonde. Ndinaima patsogolo pawo.

"Amayi, Zeka ndamupha ndine."

"Iwe, Zeka ali m'nyumbamu akupuma. Ukunena chiyani?"

Ndinawauza zonse. Ndinkayembekeza chikoti, koma anangoika lichero pansi, n'kulowa kukamubereka mwanayo.

"Tiye. Zimene wandiuzazi ukawauze wekha a Irima."

A Irima anali sisitere wachikulire, namwino wa pachipatala chaching'ono cha pafupi ndi tchalitchi. Tinadzera njira yachidule yodutsa m'minda yogonera, amayi patsogolo, ine ndikuthamangira pambuyo. 

A Irima anamvetsera m'chifuwa mwa Zeka nthawi yaitali, ine ndikufotokoza uku ndikulira. Atatha anati, "Mayi, ichi ndi chimfine cha anthu, koma chayamba kutsikira m'chifuwa. Mwachita bwino kubwera lero, osati mawa." Anamubaya jekeseni, kenaka anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bwera kuno, dotolo wa nkhuku. Taona kamizola yakoyi."

Juzi yangayo inali itadzaza chisoso cha m'minda muja. Anazula njere imodzi, n'kuiponya pa nsalu yapulasitiki imene anavala kutsogolo. Inagwa pansi. Anaponya ina, inagwanso.

"Bwanji kwa iwe chikumata, kwa ine ayi?"

"Poti yanga ndi yaubweya," ndinayankha.

"Basi. Kachirombo ka matenda kalinso choncho. Kali ndi timinga take, ndipo sikangalowe m'thupi kasanapeze pogwira. Kukhosi ndi m'matumbo mwa nkhuku muli pogwira poyenerana ndi timinga ta kachirombo ka mbalame. M'mphuno ndi kukhosi kwa munthu pogwirapo m'pamtundu wina, ndiye kawirikawiri kamangotsetsereka."

Amayi anafunsa kuti nanga omwalira a paradiyo aja. A Irima anati mkatikati mwa mapapo a munthu muli malo ochepa ofanana ndi a mbalame, ndipo munthu akapuma fumbi lambiri la m'khola lodwala kapena kusosola nkhuku zofa zokha, kachiromboko kangathe kufika kumeneko, ndipo zikatero zimavuta kwambiri. Anati nkhuku zathu mwina zinkafa ndi chitopa chomwe tinachizolowera, koma iwo sakanatha kudziwa ndi maso okha. Abakha, anatero, amatha kusenza matenda osadwala. Nkhumba ndiye ili ndi pogwira pamitundu yonse iwiri, pa mbalame ndi pa anthu, moti tizirombo tingathe kukumana mwa iyo n'kusakanikirana.

Amayi anagwira pakamwa. "Abambo ake dzulo aponyera nkhumba nkhuku ziwiri."

"Mukawauze azikwirira. Ndipo iwe," anandikoka khutu pang'ono, "nkhuku ili ndi mulomo wake. Usadzaibwerekenso wako."

Amayi anaseka, koyamba sabata imeneyo. Pobwerera, Zeka anagona kumsana kwawo akupuma mwakachetechete, ndipo ine ndinamva njala kwa nthawi yoyamba m'masiku atatu. Pofika Lamulungu anali atayambanso kuyamwa. Lero ndi bambo wa ana awiri, amagulitsa kachewere ku Domwe, ndipo akafuna kundiseka amati anakulira chakudya cha nkhuku.

Sukulu sindinapite nayo patali, mayina a zinthu zimenezi sindiwadziwa. Koma ndikaganiza kuti Mulungu anasiyanitsa kukhosi kwa mwana ndi kukhosi kwa nkhuku pa kanthu kosaoneka ndi maso, ndimangoti zikomo Ambuye. Nkhuku zikayamba kuodzera pakhomo panga, ana sindiwalola kuzigwira, ndipo zakufa timakwirira mozama.

Chinanso ndinachimvetsa nditakhala mayi. Chimene chinatsala pang'ono kumutenga Zeka sichinachokere mu msoti. Chifuwa chinkatsika ife tikufukiza bulugama, ndipo amayi ananyamuka tsiku limenelo chifukwa mwana wamantha anatsegula pakamwa. Ndikanachedwa tsiku lina limodzi, sindidziwa. N'chifukwa chake mwana wanga akaima patsogolo panga, maso ali pansi, akupota m'mphepete mwa malaya, sindiyamba ndi kukalipa. Ndimasiya zimene ndikuchita, n'kumuuza kuti anene, ndikumva.