Msilikali waulere wa a Juwawo

"Munthu akakupatsa chinthu masewera atangoyamba, usathokoze msanga. Yang'ana kaye kumene kwatseguka." Anandichenjeza motero a Juwawo ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri.

A Juwawo anali mphunzitsi kwawo ku Tete nkhondo isanawathamangitsire kuno ku Thambani. Kuno ankasoka nsapato pakhonde la golosale, ndipo ntchito ikachepa ankatulutsa chesi: katoni yojambula ndi makala, akavalo osema okha, asilikali a zitsekerero za mabotolo. Ine amayi ankandituma kukagulitsa manachesi pafupi pomwepo, koma ndinkaiwala dengu n'kumaonerera azibambo akusewera.

Patapita miyezi ndinadziwa mayambidwe a aliyense. Kalaliki wina ankathamangira kutulutsa mfumukazi ngati m'nyumba mwalowa njoka. A Phiri a kuchigayo ankayamba ndi kavalo wakumanja tsiku lililonse, uku akuimba mluzu. Zonsezi ndinkalemba kumbuyo kwa kope la masamu.

Tsiku lina a Juwawo anati ndikhale pabenchi tisewere. Titangosuntha kawiri, anandisiyira msilikali poyera. Ndinamudya ndikumwetulira. Posakhalitsa mfumu yanga inasowa kothawira, azibambo akufa nako kuseka. M'pamene ananena mawu aja, akundipatsa kansalu konunkha polishi kuti ndipukute misozi.

Iwo ankanena za chesi. Ine mawuwo ndinapita nawo kubanja, kumunda, kutchalitchi komwe. Mkamwini akabwera ndi shuga, ndinkadzifunsa kuti akufuna munda uti. Mnansi wina anadzipereka kundifolerera denga, ndinamubweza asanatule udzu. Anthu amatopa. Mwezi wathawu malungo anandigoneka masiku atatu, adzukulu ali ku Blantyre, ndipo palibe anagogoda.

Ndili chigonere pamphasa ndinakumbukira kuti a Juwawo omwewo anandiphunzitsa zaka ziwiri osapempha ngakhale nachesi limodzi. Chenjezo lawo ndinalisunga bwino, koma zimene ankandichitira sindinazione.

Sindingakunamizeni kuti ndasintha. Inu amene mukuwerenga izi, mukabwera kudzandiona ndidzakufunsani kuti ndinu mwana wa yani, nanga wakutumani ndani. Mupirire, ndi mmene ndinakulira. Mukatsika kabaza pamsika, mufunse kwa a Nachisale, ndiye kwanga kumeneko. Mugogode mwamphamvu, khutu lakumanzereli linafa. Ndikapanda kuyankha, mukankhe chitseko. Masana ndinasiya kukhoma.