Timapepala Tofiira ta Mayi Chala

Kulabotale onse ankawatchula Mayi Chala, ndipo dzinali silinagwe kumwamba. Zaka makumi awiri akutsuka mabotolo ndi kukolopa, anamva zambiri, poti madokotala amayankhula ngati munthu wogwira mopu alibe makutu.

Nkhani imene inawalowa mumtima ndi iyi. M'maselo a thupi lathu muli puloteni ina yokhala ndi kachigawo kotchedwa chala cha RING. Iyo sitaya kanthu ayi. Imangogwira puloteni inzake yotha ntchito kuti imatidwe kachizindikiro kotchedwa yubikwitini. Tizizindikiro tikakwana tinayi, yothayo imapita kuchigayo cha m'selomo kukaphwanyidwa.

"Ndiye kuti thupi langa ndi laukhondo kuposa nyumba yanga?" anafunsa mayiwo.

Dokotala wamkulu anaseka, n'kuwapatsa mpukutu wa timapepala tofiira tomata pamabotolo. Sanadziwe kuti akuyatsa moto panyumba ya eni.

Vuto linali amuna awo, mkulu amene anakalamba akukonza mawailesi. Makasitomala anasiya kubwera kalekale, koma chipinda chaching'ono chinali chodzaza mpaka kudenga: mawailesi makumi anayi osayankhula, mawaya, masipika obooka. Chonsecho mwana wawo wamkazi, yemwe anali ndi pakati, ankabwera mwezi womwewo kudzachirira kwa amake. Akagona pati, pamwamba pa sipika?

Mayi Chala anaika lamulo. Loweruka lililonse, wailesi imene sinayankhule ilandira kapepala. Tikakwana tinayi, ulendo.

"Ine sinditaya kanthu, bambo," anatero akuloza ndi chala ngati puloteni ija. "Ndimangomata. Otaya ndi a galimoto ya zinyalala."

Sabata yachitatu timapepala tinayamba kusowa. Amata Loweruka, Lolemba mawailesi ali mbee. Anakadandaula kuntchito.

"Zimachitika," anatero dokotala. "M'selo mulinso ena amene ntchito yawo ndi kumatula zizindikirozo."

"Ameneyo musandiuze, ndimagona naye bedi limodzi!"

Anagula guluu wa nsapato, n'kumata tinayi tinayi tsiku limodzi. Sayansi ikhululuke, mwana anali panjira.

M'mawa mwake galimoto ya zinyalala inaliza hutala kumsewu. Mayi Chala analowa m'chipinda muja atakwinya malaya. Anapeza amuna awo atakhala pampando wawo wantchito, atavala jekete yaulendo, kampeni komatulira timapepala kali pamwendo. Pachifuwa pawo panali timapepala tinayi tofiira, tondandalikidwa bwinobwino.

"Takwana tinayi, amayi. Aitaneni anyamule."

Mayi anayamba kuseka, mpaka kugwira khomo. Koma bambo sanaseke.

"Izizi zikapita, ine m'mawa ndizidzukira chiyani?"

Mayi analeka kuseka. Anachita manyazi, manyazi enieni. Mwezi wathunthu akuwerenga mawailesi, sanayang'anepo munthu amene ankawapukuta fumbi m'mawa uliwonse.

Anasendera pafupi, n'kumatula kapepala kamodzi. Guluu uja anali wabwino, kanachoka ndi ulusi wa jekete womwe.

"Titatu sataya," anatero. "Komanso kabedi ka mdzukulu wanu kali pakhonde, kothyoka mwendo. Kakudikira mmisiri."

Bambo anasuzumira pakhonde. Hutala inaliranso.

"Mwendo uti?"

"Wakumbuyo."

Bambo anaimirira, n'kunyamula mawailesi awiri, ina kukhwapa uku ina uku. Pakhomo anatembenuka.

"Bokosi la zomangira musalimate, amayi. Limenelo likugwirabe ntchito."