Pemphero la amayi ndinakalisewera pa sikelo

Sendezani mabenchi, amayi anzanga, inu akumbuyoko lekani manong'onong'o. Abusa anena lero za Abrahamu kupempherera Sodomu, ine mtima wanga sunakhale pansi. Imvani.

Ndinali kamtsikana mabere asanamere, tikukhala pa esiteti ya tiyi konkuno ku Thyolo, nthawi ya azungu. Achimwene anga a Layitoni anamenya kapitawo mbama chifukwa anawakankhira dengu la tiyi m'matope. Anathawa tsiku lomwelo. Akanagwidwa, ndende. Kumene anabisala ankakudziwa ndi amayi okha.

M'mawa mwake, belu la ntchito lisanalire, ndinawaona amayi akulowa m'nthochi kuseri kwa nyumba. Ndinawalondola, mame ali noninoni m'miyendo, chifunga chikununkha utsi wa kufakitale. Anagwada, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono ngati afika pakhomo pa apongozi. Mawu awo anali chonchi:

"Odi, Ambuye. Ndine phulusa ine, musakwiye. Ndamva kuti Abrahamu munamumvera mpaka pa olungama khumi. Khumi ine ndilibe, kwathu tilipo asanu. Chabwino, bambo akewa ndi a kachasu, achotseni. Anayi. Pepani, ndiyankhulenso. Layitoniyo ndiye wolakwa. Atatu. Esinati pakamwa pake sipatsekeka, mchotseni. Inenso ndimakalipa, ndichotseni. Nanga kakhanda kali kumsanaka kakulakwirani chiyani? Abrahamu analekeza pa khumi chifukwa sanamve ululu wa kubala. Ine sindidzuka pano. Mwana wanga ali m'nkhokwe ya alongo anga ku Masambanjati. Muluku, mphimbeni ndi dzanja lanu."

Mwamva Chilomwe chija, Muluku m'malo mwa Mulungu? Chinkawatulukira akafika powawa penipeni.

Esinati wa pakamwa posatsekekayo ndine ndemwe. Ndiye mukundidziwa, mawu a munthu ndikangowamva kamodzi, ndawatola. Masana anthu ali pa mzere wa sikelo yoyezera tiyi, madengu pansi, thukuta lili chuchuchu, ine ndinagwada pakati pawo. Odi, Ambuye! Anthu kuseka. Nditafika pa bambo a kachasu, kalaliki wolemba mayina anagwetsa pensulo, misozi ili mbwembwembwe. Kukoma kwake, amayi inu! Sindinaseketsepo anthu chotero. Ndinapitiriza mpaka kumapeto, osasiya ndi liwu limodzi lomwe.

Kapitawo uja anali chiimire pambali, tsaya likadali lotupa. Iye sanaseke. Anangondiitana mwaulemu, ati ndibwereze pomalizira paja poti sanamve bwino. Ine n'kubwereza, mokweza, mpaka kuwonjezera kunjenjemera kwa mawu.

Nditacheuka, amayi anali kumapeto kwa mzere, dengu likadali kumsana.

A Layitoni anawagwira mawa lake, m'nkhokwe momwemo, mutu uli gaga yekhayekha. Atatuluka m'ndende sanapondenso pakhomo. Tinangomva kuti ali ku Halale, kenako zii. Amayi anafa akuyang'anabe kunjira.

Kupemphera sanaleke ayi, koma mawu sankatulukanso. Milomo yokha ndiyo inkagwedera. Nthawi zambiri ndinkayang'ana milomo imeneyo kuti ndione ngati dzina langa lilimo, koma sindinathe kudziwa.

Masiku ano tikupemphera ndi zimkuzamawu, kumulamula Mulungu ngati wantchito wathu, tauni yonse kumva. Amayi ankalimbana naye kuposa tonsefe, koma ankayamba ndi odi, ali chogwada. Ine ndinatola kulimba mtima kwawo kokha, ulemu uja ndinausiya m'nthochi.

Sanandimenye, mwina akanandimenya bwenzi zitandichoka. Tsiku la pa sikelo lija tinayenda m'kanjira ka pakati pa tiyi, iwo patsogolo, ine pambuyo. Ndinayesa kunena kuti ndimangoseweratu. Anaima, anatembenuka, ndipo mayi amene sanandikwezerepo mawu pagulu anakuwa mpaka otchola tiyi kutsidya anadzutsa mitu:

"Ndimauza Mulungu ine! Sindimauza iwe!"